Ndime Yosathira Kanthu

A Mackson Kamphinda anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo palibe amene anawamvapo akunena kuti "sindikudziwa". Mlimi wa ku Limphasa akawafunsa chimene chikufiiritsa mpunga wake, yankho linkakhala lili kale pakamwa, likungodikira funso. Akawafunsa za mvula ankayamba ayang'ana kumwamba, mwaulemu ndithu, ngati akufunsira kwa mnzawo wa mu ofesi yoyandikana nayo, kenako n'kutchula tsiku. Ikapanda kugwa tsikulo, yolakwa inali mvulayo.

Atapuma pantchito sanabwerere kwawo ku Dedza. Anamanga kwawo kwa akazi awo, a Lettie, kumtunda kwa msewu wopita ku Bandawe, pamalo amene apongozi awo aakazi, NyaManda, anawaloza ndi mlomo. Kwa Atonga mwamuna wokhala kwa mkazi ndi nkhani yoti anthu n'kucheza nayo, koma a Kamphinda ankati kwawo ndiwo mwambo wake, n'kuonjeza kuti derali linkasowa munthu wodziwa nthaka.

Derali silinaonetse kuti likumusowa munthuyo. Chinangwa sichifunsa mlangizi: umabaya phesi m'mchenga, n'kupita kukachita zina, icho n'kumadzionera chokha. Nsomba nazonso sizidzalidwa m'mizere. Kwa zaka ziwiri a Kamphinda anayenda m'mudzimo malangizo atadzaza m'chifuwa, ngati mayi woyamwitsa amene mwana wamukanira bere. Mlamu wawo Jeremiah, msodzi wa pakamwa posatopa, ndiye yekha ankawafunsa mafunso, koma mafunso ake anali onga akuti, "A Pulofesa, usipawu tiuthire feteleza wokulitsa kapena wobereketsa?"

Ndiye kunabwera nkhani ya chidede. Chidede aliyense ankachidziwa: mitengo iwiri itatu yongodzimerera kuseri kwa khitchini, yothyolako masamba owawasa aja pofuna kusintha mkamwa. Zochilima munda wathunthu palibe anaziganizapo, kufikira mayi wina wa ku Mzuzu wopanga zakumwa atafika n'kunena kuti zipatso zake zofiira zija, zikauma bwino, iye adzatenga zonse zimene zingapezeke. Mabanja khumi ndi anayi anapanga kalabu, n'kusankha a Mavis Mhone kukhala wapampando chifukwa ndiwo ankatha kuletsa anthu kulankhula onse nthawi imodzi. Banja lililonse linavomera kupatulako kachigawo ka munda wa chinangwa. Pamenepo panalibe zoseka, chifukwa chinangwa ndiye kondowole, nsima ya kuno, ndipo kondowole ndiye kugona utadya. Funso linatsala limodzi. Nthaka ya kuno ndi mchenga. Chidedecho achithire chiyani, feteleza wa m'sitolo kapena manyowa?

A Mavis anapita nalo funsolo kwa a Kamphinda. Iwo analilandira ngati mlendo amene akhala akumudikira zaka ziwiri. Anatulutsa mipando, analowa m'nyumba kukavala jekete, ndipo potuluka anali atasintha ndi kayendedwe komwe.

"Mayi wapampando, sayansi silota," anatero. "Ndikhoza kukuyankhani pompano, yankho ndili nalo, koma ndikufuna mudzalione ndi maso anu. Ndipatseni dzinja limodzi. Ndilima ndime zitatu pakhomo pano. Tikadzakolola mudzandiitane, ndidzakuuzani chothira. Chimene ndidzanenecho mudzachite chomwecho, osaonjezera, osachotsera."

"Ndiye chaka chino tisadzale, ada?" anafunsa a Mavis, powatchula mwaulemu wa Chitonga.

"Mukufuna kuzula chinangwa cha ana chifukwa cha zongoganizira?"

A Mavis sanafune. Kalabu inavomera kudikira, ndipo podikirapo mabanja ena anayamba kuunjika milu ya kompositi kuti mwina yankho lidzagwera kumeneko.

Mvula yoyamba itagwa, a Kamphinda anayeza ndime zawo ndi chingwe, zonse zofanana ngati zobadwa tsiku limodzi. Yoyamba inali ya feteleza: chitowe chodzaza kachitsekerero ka botolo paphando lililonse, kenako yuleya mbewu ikafika m'mawondo. Yachiwiri inali ya manyowa: zitosi za nkhuku, ndowe zowola za mbuzi, ndi mankhusu a mpunga amene anakawatenga okha panjinga. Yachitatu sinkayenera kuthiridwa kanthu. Imeneyo, ankafotokozera aliyense woima panjira, ndi mboni. Popanda ndime yosathira kanthu sungadziwe kuti chimene wathira kwinako chagwira ntchito yanji. Pa zikwangwani sanalembe zonsezi. Analemba A, B ndi C basi, monga amachitira anthu a kafukufuku, poti kulemba mawu onse n'kwa anthu oiwalaiwala.

Anamanga mpanda wa bango kutchinga mbuzi, nkhuku, ndi zala za amayi ofuna ndiwo. Zalazo ndiye ankaziopa kwambiri, makamaka chifukwa ndime C inagundana ndi bwalo la apongozi awo, pafupi ndi thandala lawo loyanikapo nsomba.

Apa panali vuto. M'zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi za ukwati, a Kamphinda anali asanalankhulepo ndi NyaManda mawu opitirira moni, ndipo moniyo ankaperekedwa maso ali kumbali. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira m'chinangwa n'kumachiyang'anitsitsa ngati wachipeza ndi matenda. Uthenga uliwonse unkadzera mwa a Lettie, m'Chitonga, chilankhulo chimene a Kamphinda ankati amachimva bwinobwino, kutanthauza moni ndi mayina a nsomba zinayi.

"Mayi a Chiso, kawauzeni amayi kuti ndime ya kufupi ndi kwawoyo ndaisiya dala. Feteleza alipo, manyowa alipo, koma iyoyo sithiridwa kanthu. Asaikhudze."

A Lettie anapita. Ali pakhonde, a Kamphinda anamva Chitonga chikuyenda nthawi yaitali kuposa mmene uthengawo unalili, kenako apongozi akuusa moyo. A Lettie pobwera anangoti, "Amva."

Masabata oyamba zonse zinayenda monga mwa buku. Ndime A inabiriwira mpaka kuda. Ndime B inkabwera pang'onopang'ono, mosathamanga. Ndime C inali yomvetsa chisoni: timitengo toonda, masamba achikasu, ena ofiira m'mphepete. A Kamphinda ankainyadira kuposa zinzake. Mlendo akabwera ankayamba kumuonetsa imeneyo, n'kuima pambali manja ali kumbuyo, kumusiya aone yekha mmene umbuli umaonekera ukamera.

Cha kumapeto kwa Januwale ndime C inayamba mwano. Masamba atsopano anatuluka obiriwira. A Kamphinda analemba m'kope kuti ndi zakanthawi. Mu Malichi kunagwa mvula ya masiku asanu ndi limodzi osapuma, yonga imagwa kunoyi, ndipo itakata ndime A inayamba kutuwa, poti mchenga susunga feteleza, umangomupatsira njira. Ndime B sinasinthe nkhope. Ndime C inapitirira a Kamphinda msinkhu, mitengo yake yofiira ili ngati mipini ya makasu, ndipo maluwa atayoyoka inabereka mpaka nthambi kugwada.

Munthu wina akanadabwa n'kuyamba kufunsa. A Kamphinda anadabwa masiku awiri okha, tsiku lachitatu n'kuzindikira kuti atulukira chinthu. Chidede, m'nthaka ya ku Chintheche, sichifuna kuthira kanthu! Mwina mizu yake imafika pamene mizu ina sifika. Mwina m'mchengamu muli chinachake chimene akatswiri a ku Lilongwe, okhalira kuzungulira pamipando, sanachifufuzepo. Anagula kope latsopano. Anayamba kulemba kalata yopita kwa akuluakulu a kafukufuku, naing'amba kanayi chifukwa inkamveka yodzichepetsa kwambiri. Dzina loti "Njira ya Kamphinda" sanalitchule kwa munthu, koma analilemba kamodzi kuchikuto cha kopelo kuti aone mmene likuonekera.

Chinsinsi anachisunga mpaka Lamulungu. Potuluka m'tchalitchi anauza Jeremiah, atamulumbiritsa kuti asauze munthu, ndipo pofika Lachiwiri nkhani inali itafika ku Makuzi.

"A Pulofesa atulukira kuti kulima bwino n'kusachita kanthu," Jeremiah ankalengeza padoko. "Ine ndakhala ndikuchita zimenezo chibadwire, palibe anandiveka tayi."

Anthu anaseka, koma uthengawo anaukonda. Ndani sangakonde kumva kuti chofunika ndi kungodzala? A Mavis anakumana ndi a Kamphinda pachigayo n'kuwauza kuti mabanja asanu asiya kale kutembenuza milu ya kompositi, ndipo ena akuganiza zopatula malo okulirapo, poti palibe chogula kapena chosenza. A Kamphinda anati asathamange, adikire tsiku lake, koma ananena akumwetulira, ndipo a Mavis anatenga kumwetulirako.

Mu Juni anakolola. Ndime A inatulutsa ndowa zinayi, B zisanu, C zisanu ndi zinayi. Msonkhano wa kalabu anauika Lachinayi. Lachiwiri m'mawa, atamwa tiyi, a Kamphinda anatenga khasu ndi timapepala ta pulasitiki kuti akatape dothi la m'ndime C lotumiza pamodzi ndi kalata ija. Akuluakulu a kafukufuku, anaganiza motero, adzafuna kuliyeza.

Khasu loyamba linatulutsa dothi lakuda, lonyowa, lonunkhira mosiyana ndi mchenga umene ankaudziwa. Anawerama. M'dothimo munali tinthu tonyezimira. Anatola kamodzi n'kukaika pachikhatho: mamba a nsomba. Anakumba phando lina. Phulusa, nthenga ya nkhuku, makoko owola a chinangwa. Lina: mitu ya usipa, yambiri, maso ali mbee kuyang'ana mlangizi. Anakumba mapando khumi ndi awiri, m'mizere yosiyanasiyana, monga mwa malamulo a katapidwe ka dothi, ndipo onse anali atadyetsedwa mosakondera. Atayendera mpanda anapeza pamene bango linkamasulidwa ndi kumangidwanso, mbali ya kuthandala, ndi mfundo yaukhondo ya anthu osoka maukonde.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Miyezi isanu ndi umodzi anakhala akulondera kuti wina asachotse kanthu m'mundamo. Zoti wina angalowe kudzaikamo kanthu sizinawafikepo m'mutu.

A Kamphinda anawapeza a Lettie kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa chovuula kumene. Anatambasula mpango wa m'thumba pamaso pawo.

"Mayi a Chiso, ichi n'chiyani?"

"Mutu wa usipa. Zaka zonsezi kunyanja kuno simunaudziwebe?"

"Ndaupeza m'ndime C. Phando lililonse."

Mpeni wa a Lettie unapitiriza ntchito yake, koma pang'onopang'ono.

"Tsiku lija munawauza chiyani amayi?"

"Ndinawauza zoti munthu n'kuuza mayi ake."

"Zotani?"

"Kuti feteleza anakutherani panjira, manyowa nawonso anaperewera."

A Kamphinda anafuna pokhala, napeza mtondo wogadamika, nakhala pomwepo ndi jekete lawo.

"Nanga ndikanati chiyani, bambo a Chiso? Kuti amuna anga adzala mbewu, chakudya chake chili m'nyumba, koma akuimana dala kuti aone mmene ivutikire? Akanati ndinakwatiwa ndi munthu wotani? Kuno ngakhale nkhuku ya eni ikafika pamene ukudyetsa zako, suithamangitsa."

"Ija ndi mboni!"

"Mboni sidya?"

"Ndiye inu mwakhala mukudziwa nthawi yonseyi."

"Ndinkawaona akulowa ndi beseni inu mukapita kumsika. Poyamba ndinati ndi madzi chabe, alibe kanthu. Nditafuna kunena, n'kuti inu mutayamba kuimba mluzu posamba." Anaponya chinangwa m'dengu. "Chipumireni pantchito ndinali ndisanaumve mluzu umenewo. Ndinati ndinena mawa. Mawa lake ndi lero."

Masana omwewo a Kamphinda anachita chinthu chimene anali asanachitepo: anapempha kukaonana ndi apongozi awo. Anakhala pakampando pansi pa mtengo wa mango, atayang'ana kumsewu. NyaManda, mayi wamfupi wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi amene ankayanika nsomba zambiri kuposa akazi a ana ake onse, anapitiriza kutembenuza usipa pathandala, atayang'ana kunyanja. A Lettie anakhala pakati ngati mlatho. Kope linali pabondo.

"Afunseni ankathira chiyani."

Chitonga chinapita, Chitonga chinabwera.

"Akuti madzi otsukira nsomba, mitu ndi matumbo ake, phulusa la pamoto, zosesa m'khola la nkhuku, makoko a chinangwa akawola. Akutinso matumba anu awiri a feteleza aja, atatha, anawatenga kukachapa kuti azisungiramo ufa. Madzi ake anathira momwemo, poti munali timibulu totsalira m'makona ndipo chinthu chogula sichitayidwa."

Cholembera cha a Kamphinda chinaima. Ndiye kuti ndime yosathira kanthu inadya manyowa, inadya nsomba, inalawanso feteleza. Inali ndime yokhayo imene inadya zonse.

"Zochuluka bwanji paphando?"

"Akuti zimene zinalipo."

"Kangati pasabata?"

"Akuti akaiona kuti yayamba kuoneka ya njala."

Pamzere wa muyezo a Kamphinda analemba kadontho, n'kukayang'ana. NyaManda analankhulanso, nthawi ino motalikirapo, manja osasiya nsomba.

"Akuti musachite manyazi. Chaka chimene bwato la malemu bambo linasweka, ankadzuka n'kupeza nsomba pathandala pano, ndipo mpaka lero sadziwa amene ankaziika. Akuti iwo sanauze munthu aliyense kuti zinakutherani, ngakhale Jeremiah. Munthu waulemu wake sauzidwa kuti akuthandizidwa."

Galimoto inadutsa pamsewu, fumbi lake n'kukhazikika. Kunali kotheka kuthokoza, kunyamula kampando n'kubwerera kunyumba akadali munthu wosauka koma wanzeru. A Kamphinda anaona kuti a Lettie akuyembekeza zomwezo.

"Auzeni kuti yewu, ndathokoza kwambiri. Mukatero muwauze zimene ndinakutumani tsiku lija, mmene ndinanenera."

"Bambo a Chiso..."

"Mmene ndinanenera."

A Lettie ananena, mwachidule, maso ali pansi. Manja a NyaManda anaima. Kenako mayiyo anatembenuka n'kuyang'ana mkamwini wawo kumaso, koyamba chikwatireni mwana wawo, ndipo anamuyang'ana mofatsa ngati nsomba yachilendo imene yakodwa mu ukonde. Ananena mawu ochepa.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa ngati munachita kupita kusukulu kuti mukaphunzire zimenezo."

Lachitatu lonse a Kamphinda analithera pakhonde ndi makope awo awiri. Njira zotulukira zinalipo, ndipo zonse ankazidziwa, poti malipoti anawalemba zaka zambiri. Akanatha kunena kuti ndime C inagwera padzala lakale, aichotse pa mpikisano, apambanitse manyowa ndi ndowa imodzi ija. Palibe akanatsutsa. Akanathanso kungosiya zimene zinamveka kale ziyende zokha, iwo n'kukhala chete mwaulemu. Koma akatseka maso ankaona minda khumi ndi inayi ya mchenga woyera, chinangwa atachizula, m'malo mwake muli timitengo tachikasu tonga tija ta mu Januwale, ndipo kopanda NyaManda woti alowe ndi beseni. Ndowa imodzi ya kusiyana kwa A ndi B nayonso sinali yankho. Popanda mboni, ndani angalumbire kuti feteleza anachitapo kanthu, kapena kuti manyowa ndiwo anakweza B osati mthunzi wa mpanda?

Chimene chinawasautsa kwambiri chinabwera chokha cha kumasana. Anayamba kukumbukira minda yachitsanzo imene anaiyang'anira pantchito yawo yonse, ya chimanga, ya mpunga, ya mtedza. Yonse inkatuluka monga mwa buku. Ndime yoyenera kupambana inkapambana, alendo ankaomba m'manja, iwo ankajambulitsa ataimirira pambali pa chikwangwani. Koma minda imeneyo inkakhala pakhomo pa alimi, ndipo iwo ankaiyendera kawiri pamwezi panjinga yamoto. Masiku ena onsewo ankaiona ndani? Ndi alimi angati amene anapalira kawiri ndime ya alangizi n'kuiwalako inayo, kuti bambo wa tayi asachite manyazi pamaso pa mabwana ake? Mwina palibe. Mwina onse. Kunalibenso kokafunsa. Anaona kuti n'kutheka kuti moyo wawo wonse anthu akhala akuwaikira nsomba pathandala, iwo n'kumayesa kuti ndi akatswiri a usodzi.

Lachinayi kalabu inasonkhana pabwalo la a Mavis. Anabwera ndi ena osakhala a kalabu, poti zinamveka kuti kukhala kulengeza. Jeremiah anakhala kutsogolo, mwendo pamwamba pa unzake. NyaManda anakhala kumbuyo kwenikweni, pamphasa, atatembenukira kumbali. Atapemphera, a Mavis anati, "Ada Kamphinda, chaka tadikira. Tithire chiyani?"

A Kamphinda anaimirira, anakonza tayi, natsegula kope. Anawerenga ndowa za ndime iliyonse. Atatchula zisanu ndi zinayi za C anthu anayamba kuomba m'manja, iwo n'kukweza dzanja.

"Musaombe. Ndime imene ndinkati sinathiridwe kanthu ija inathiridwa. Inadya kuposa zinzake zonse. Ine sindinkadziwa, ndipo m'malo mokumba kuti ndione, ndinathamangira kukuuzani kuti ndatulukira nzeru. Amene mwasiya milu yanu ya kompositi chifukwa cha ine, kaiyambireninso. Chidede pamchenga wopanda kanthu ndinachiona masabata asanu okha, ndipo sichinali chinthu choti munthu n'kuzulira chinangwa."

"Anathira ndani?" anafunsa wina.

"Munthu wachifundo."

Mitu yonse inatembenukira kumphasa ya kumbuyo, poti m'mudzi munthu wachifundo wokhala pafupi ndi mpanda uja analipo mmodzi. NyaManda ankachotsa kachitsotso pachitenje chawo.

"Chabwino," anatero a Mavis. "Nanga pakati pa feteleza ndi manyowa?"

A Kamphinda anayang'ana m'kope, ngakhale ankadziwa kuti mulibe. Mawuwo anawavuta kutuluka, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa dzinja lonse.

"Sindikudziwa, mayi wapampando."

Jeremiah anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Alembi, lembani tsiku ndi nthawi. Ana athu adzafunsa."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunatenga nthawi. Bambo wina wa kumapeto sanaseke. Anati chaka chathunthu chapita, mayi wa ku Mzuzu mwina wapeza kale ena, ndipo iye akanadziwa akanangodzala mmene amadzalira agogo ake. Ananyamuka n'kumapita, wina n'kumutsatira. A Kamphinda anamusiya apite, poti bamboyo sananame. Anakhala chiimire mpaka phokoso litatha.

"Chimene ndingaimepo n'chochepa," anatero. "Ndime imene inabereka kwambiri ndi imene inalandira zowola zambiri, kafeteleza pang'ono, ndipo inkalandira pafupipafupi, osati kamodzi n'kuiwala. Pamchenga zimenezo n'zomveka, chifukwa zowolazo zimagwira chakudya kuti mvula isapite nacho. Koma muyezo wake ndilibe. Amene ali nawo akuti amathira zimene zilipo."

"Zimenezo ndiye tili nazo tonse," anatero mayi wina. "Mitu ya usipa timachita kulimbirana ndi amphaka."

A Mavis anawalola anthu kulankhula onse nthawi imodzi kwa kanthawi, kenako anawaletsa. Chimene chinatuluka n'chakuti mabanja khumi ndi awiri otsalawo adzala chaka chino, koma malo ochepa kuposa amene ankaganiza, ndipo aliyense azithira za pakhomo pake monga anachitira NyaManda. Amene angapeze kafeteleza aonjezere m'mizere ina. A Kamphinda aziyendera minda yonse ndi kope lawo, kulemba chimene chathiridwa asanachikwirire.

"Osati kutiuza, ada," anatero a Mavis. "Kulemba."

"Ndamva. Koma ndipemphe chinthu chimodzi. Pafunikabe mizere ingapo yosathira kanthu, apo ayi chaka chamawa tidzakhalanso pano tikungoganizira. Ndani angapereke mizere itatu?"

Anthu anayang'ana pansi, ena kumwamba. Mayi wina anati munda wake uli panjira, anthu angamuyese waulesi. Wina anati iye mtima wake ndi wofewa. Jeremiah anati akanapereka, koma mizere yake yonse ndi yosathira kanthu kale ndipo sakufuna kuti ina izidzimva yapadera.

"Ndiye ikhala kwanu komweko, ada," anagamula a Mavis. "Inu ndi amene munaphunzira zimenezo."

A Kamphinda anavomera ndi mutu. Anatembenukira kwa akazi awo, natsitsa mawu, ngakhale bwalo lonse linkamva.

"Mayi a Chiso, kawafunseni amayi, pamaso pa anthu onsewa, ngati chaka chino angaisiye mizere itatu yokha. Itatu basi. Muwauze kuti ndikupempha."

A Lettie anadutsa pakati pa anthu, anagwada pambali pa mphasa, nalankhula. NyaManda anamvetsera mpaka kumapeto, anaganiza pang'ono, nayankha osatembenuka. A Lettie anabwerera pamalo pawo n'kukhala pansi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti amva. Koma akuti salonjeza."